Nyenyezi za pa Masamba a Nyemba

Ana a sukulu ankawatchula kuti Adokotala chifukwa cha khoti lawo loyera, ngakhale kuti sanabayepo munthu jekeseni. Ntchito yawo inali yosamalira labotale pa sukulu ina ya sekondale: kutsuka machubu ndi mabotolo, kusungunula mankhwala, kuyala zida pa matebulo mphunzitsi asanalowe, ndi kutolera magalasi osweka ana akatuluka. Anaigwira zaka makumi atatu ndi ziwiri. Dzina lawo lenileni linkaoneka pa kalata ya ntchito pokha. Ngakhale akazi awo, akafuna kuwaseka, ankati, "Adokotala, madzi osamba aziziratu, odwala anu akudikira."

Anafika pa sukulupo ali mnyamata, atasiyira panjira maphunziro bambo awo atamwalira. Mphunzitsi wa sayansi wa nthawi imeneyo, munthu wamtali wokonda ndodo, ankafuna wina wa manja osagwetsa zinthu. Anawapatsa chubu chonyowa kuti apukute. Sichinagwe, ndipo ntchito inayambira pomwepo.

Labotaleyo inali chipinda chachitali cha matebulo asanu ndi limodzi ndi mipope inayi, iwiri yokha yotulutsa madzi. Kuseri kwa bolodi kunali kachipinda kawo kokhala ndi mashelefu mpaka kudenga, mpando umodzi, chitofu cha gasi, ndi zenera loyang'anizana ndi khoma. Mmenemo munkanunkha sipiriti ndi nsanza zonyowa. Anthu a m'masukulu ena ankati kwa Adokotala zinthu sizikanika. Chimene buku lanena kuti chifiira, chinkafiira. Chimene lati chiyera ngati mkaka, chinkayera. Ahedi, mkulu wa sukuluyo, ankakonda kulowetsamo alendo ndi kuwaloza eni akewo ngati chida china cha m'labotale. Adokotala akamayamikiridwa ankayang'ana pansi n'kumapukuta tebulo loyera kale.

Chaka chilichonse ana a Fomu 2 ankachita phunziro loonetsa kuti tsamba limapanga chakudya ndi kuwala kwa dzuwa. Nyemba zodzalidwa m'zitini ankazitsekera m'kabati ya mdima masiku awiri kuti masamba amalize chakudya chimene anasunga. Kenako gulu lililonse la ana linkadula kanyenyezi pakati pa pepala lakuda, n'kulipanira pa tsamba, n'kuika chitini padzuwa. Tsiku lotsatira ankathyola tsambalo, kuliwiritsa m'madzi, kenako kuliviika m'sipiriti wotentha mpaka kubiriwira konse kutatha. Akaliyala pa mbale yoyera n'kudonthezera ayodini, pamene panadutsa dzuwa pankada bii ngati inki chifukwa cha sitachi amene tsamba lapanga, ndipo nyenyezi inkatulukira pa tsamba. Ana ankakuwa. Ena ankapempha kutenga tsambalo kuti akaonetse kwawo.

Chimene ana sankadziwa n'chakuti tsamba silimvera buku masiku onse. Kukakhala mitambo, kapena pepala likapanidwa mosasamala, pamangotuluka timadontho totuwa, mwinanso osatuluka kanthu. M'chaka chawo chachitatu pa ntchito, masamba onse anakana. Mphunzitsi wa ndodo uja ananena kuti ana ankatsegula kabati mobisa, ndipo anakwapula kalasi yonse, mmodzimmodzi, Adokotala ataima pakhomo ndi beseni m'manja. Chaka chotsatira anabwera ndi kachitini ka sitachi amene akazi awo ankaumitsira makolala a malaya. Anadziphikira masamba awo m'mawa kwambiri, nawayeretsa, naikapo kachidutswa ka lata kodulidwa nyenyezi, napaka sitachiyo pang'ono ndi kabulashi. Nthawi ya phunziro itakwana, anauza mphunzitsi kuti sipiriti sachedwa kuyaka, ndiye ndi bwino machubu onse akatenthetsere m'kachipinda. Analowa ndi masamba a ana, anatuluka ndi awo. Tsiku limenelo palibe anakwapulidwa.

Mphunzitsi wa ndodo anapuma, anabwera ena ambiri, koma chizolowezi chinatsala. Chinafalikiranso ku maphunziro ena. Asidi ankamusungunula mwakuti mtundu usinthire pa mzere womwe buku latchula. Mbewu zoyenera kumera ankazisankha zotupa kale. Sankaona ngati akunama. Ankaona ngati akuwongola chinthu chopindika pang'ono.

Akazi awo anadwala miyezi inayi n'kumwalira. Atangoikidwa, Adokotala anabwerera ku ntchito Lolemba lotsatira, anthu n'kumati ndi olimba mtima. Sikunali kulimba. Zinthu zinangosiya kuwafika. Ankadzuka, kusamba, kuyenda, kutsegula labotale, kutseka, kubwerera, ngati munthu amene watumidwa koma waiwala amene wamutuma. Mwana wawo wamkazi, namwino wa pa chipatala cha kutsidya kwa tawuni, ankabwera Lamlungu lililonse kudzachapa ndi kuwakalipira.

"Ababa, mwadya?"

"Ndadya."

"Mwadya chiyani?"

"Chakudya."

"Mapoto onse ali gwa, ouma ngati a m'sitolo. Kapena mukumaphikira m'machubu?"

Iwo ankamwetulira chifukwa ankadziwa kuti pamenepo m'pomwetulira.

Chaka chomwecho kunabwera mphunzitsi watsopano wa sayansi, mtsikana wochokera kumene ku koleji, wochepa thupi, woyenda mothamanga. Aliyense ankangoti Madamu. Phunziro la masamba litafika, Adokotala anachita monga mwa masiku onse. Koma kale ankayamba azungulira matebulo kuona zimene ana adula. Chaka chimenecho sanazungulire. Sizinawabwerere n'komwe m'mutu.

Ayodini atadonthezedwa, mtsikana wina wolongolola, amene anzake ankamutcha Wailesi, anaimirira.

"Madamu, tsamba ili si lathu! Ife tinadula mtima, osati nyenyezi. Kapena nyemba za pano sizidziwa za chikondi?"

Kalasi inaseka mpaka ena kugwetsa mipando. Madamu anaseka nawo pang'ono, nati mwina masamba asinthana ndi a gulu lina. Koma anazungulira matebulo onse, ndipo mtima sanaupeze. Ana atatuluka analowa m'kachipinda n'kutseka chitseko.

"Bambo, nyenyezi ija yachokera kuti?"

Adokotala anatsegula dirowa. Anaika pa tebulo kachidutswa ka lata kaja, kabulashi ndi kachitini.

Madamu anaziyang'ana nthawi yaitali. "Munayamba liti?"

"Inu musanabadwe."

"Ndiye ana onse amene anadutsa muno..."

"Anakhoza mayeso."

"Kukhoza anakhoza. Koma anaona chiyani? Anaona luso la manja anu."

"Buku silinama, Madamu. Ine ndimangolithandiza."

"Buku lili ndi eni ake, adzalithandiza okha. Ine ndikufuna mwana aone tsamba lake, limene wathyola yekha. Likakana, likane, tidzafunsana chifukwa chake. Sayansi yake ndi imeneyo. Ahedi sindiwauza, koma pa maphunziro anga musadzateronso. Tagwirizana?"

"Tagwirizana."

Atatsala okha, Adokotala anakhala pa mpando kudikira manyazi. Anadikira mpaka belu lowerukira linalira. Manyazi sanabwere, mkwiyo sunabwere. Anatsuka mbale zoyera zija n'kuzisanja.

Kuyambira pamenepo m'labotale munayamba kukanika zinthu. Munkakhala phokoso. Ana ankabwereza chinthu chimodzi katatu, kukangana, kulemba manambala osiyana pa bolodi n'kumalozana zala kuti wathira mopitirira ndani. Zotsuka zinachuluka. Nthawi zina mwana ankasuzumira m'kachipinda kufunsa kuti, "Adokotala, mankhwala awa ndi a chaka chiti?" Funso lotere anali asanafunsidwepo. Ankatenga botolo, kuwerenga chaka, n'kumuyankha.

Chaka chinatha, china chinayamba. Madamu anali akadali pa zaka ziwiri zoyesedwa, zimene mphunzitsi watsopano aliyense amadutsamo. Pamapeto pake woyendera masukulu amabwera kudzaonerera phunziro limodzi, ndipo zimene walemba ndizo zimanena ngati mphunzitsiyo alandire kalata yokhazikika kapena abwerere kwawo. Uthenga unafika wakuti woyendera adzabwera Lachinayi, nthawi ya Fomu 2. Pa ndondomeko ya Madamu, imene inali itatumizidwa kale ku ofesi, tsikulo linali la masamba.

Lolemba kunayamba mvumbi. Lachiwiri sunaleke. Lachitatu m'mawa ana anapanira mapepala awo n'kutulutsa zitini pakhonde, pansi pa thambo lotuwa ngati bulangeti lakale. Masana Ahedi analowa m'kachipinda akukutumula ambulera.

"Akulu, mwaliona dzuwa lanu?"

"Sindinalione."

"Nanenso ndalifuna, akuti lapita ku tchuthi. Tamverani. Mtsikana uyu ndi mphunzitsi wabwino, koma ndi wamakani ngati bulu. Mawa masamba akatuluka oyera, bwana uja alemba kuti phunziro lalephera, basi tamutaya. Aphunzitsi a sayansi satoledwa pamsewu."

"Madamu anati ana aziona zimene zatuluka."

"Aziona Lachisanu, aziona mpaka Khirisimasi. Mawa lokha. Ine sindinakufunsenipo mmene mumachitira, ndipo sindifuna kudziwa. Ndikungoti dzuwa likakana, inu simukana." Anafika pakhomo n'kutembenuka. "Komanso bwanayo ndi mwana wanu. Anaphunzira muno momwe. Akukufunsani kale."

Lachinayi Adokotala anafika m'mawa kuposa masiku onse. Anaphika masamba asanu ndi limodzi, kuwayeretsa, kupaka nyenyezi, n'kuwabisa m'dirowa pa mbale. Manja ankagwira okha. Madamu anafika atavala diresi losita bwino, maso ofiira, nasuzumira pakhomo.

"Bambo, zonse zili m'malo?"

"Zili m'malo."

"Mwaona kunjaku?"

"Ndaona."

Madamu anaima pang'ono ngati ali ndi mawu ena. "Chimene chituluke chituluke," anatero, napita.

Woyendera anali bambo wonenepa wa magalasi, wa imvi za m'mbali. Atangolowa anatambasula manja.

"Adokotala! Mukadali moyo? Khoti lomwe lija kodi?"

"Lina, bwana."

"Bwana ndani? Ine ndine uja ndinaswa botolo la asidi, munandibisa kwa aphunzitsi. Mwaiwala?"

Anali atamuiwala, koma anagwedeza mutu. Woyendera anakhala kumbuyo ndi fomu yake pa bondo.

Phunziro linayamba. Ana anathyola masamba, kuwiritsa, kuika m'machubu. Adokotala anatolera machubuwo n'kulowa nawo m'kachipinda. Sipiriti atabiriwira, anatsukuluza masamba a ana n'kuwayala pa mbale. Kenako anatsegula dirowa. Mbale ziwiri zinali patsogolo pawo, zofanana ndendende. Anayesa kuganiza za Madamu akulongedza katundu. Anayesa kuganiza za mawu amene anamulonjeza. Zonse zinali kutali, ngati nkhani za pa wailesi ya nyumba yoyandikana. Sitinganene kuti analimba mtima, pakuti mumtimamo munalibe chimene chinkalimbana. Mbale ya ana inali kale m'manja. Kuti atenge inayo anayenera kuyamba atula iyi. Anakankha dirowa ndi ntchafu, natuluka.

Ayodini anadonthezedwa pa matebulo onse. Ana anaweramira mbale. Panapita mphindi. Masamba anayi anangokhala achikasu. Awiri anaonetsa kamthunzi kotuwa kosadziwika mutu ndi miyendo.

"Madamu, yafa," anatero mnyamata wina.

Madamu anatenga choko. "Chabwino. Buku likuti pade, pano sipanade. Wanama ndani, buku kapena tsamba? Ndipatseni zifukwa."

Wina anati mwina sanawiritse mokwanira. Wina anati dzuwa silinawale. Wailesi, amene anali atabwereza kalasi, anati ayodiniyo ndi nkhalamba, watha mphamvu.

"Tingadziwe bwanji kuti watha mphamvu?"

"Timuyese pa chinthu chimene tikudziwa kuti chili ndi sitachi."

"Monga chiyani?"

Wailesi anayang'ana mnzake wa pambali. "Uyu ali ndi banzi m'thumba, Madamu. Wakhala akulitsina chiyambire."

Banzi linatulutsidwa mwini wake akudandaula. Dontho limodzi, ndipo linada bii. Madamu anafufuta ayodini pa mndandanda wa pa bolodi. Anatsala akukangana za dzuwa, ndipo anagwirizana kuti adzabwereze kukayera, chitini china pakhonde, china pansi pa babu, kuti adzafananize. Belu linalira ana asanafune kutuluka.

Adokotala ankatolera mbale pamene woyendera anaitana Madamu ku tebulo lakumbuyo. Mawu ankamveka bwinobwino.

"Mumayankhula bwino ndi ana, zimenezo ndalemba. Koma fomu ikufunsa ngati cholinga cha phunziro chakwaniritsidwa. Ana aona sitachi pa tsamba? Sanaone."

"Kunalibe dzuwa, bwana, masiku atatu."

"Mayi, musandiphunzitse za chipinda chino. Ine phunziro limeneli ndinachitira pa tebulo ilo. Kunali mvula yoposa iyi, ndikukumbuka chifukwa nsapato zanga zinali zonyowa. Nyenyezi inatuluka ngati yodinda. Kuwala kwa mitambo kumakwana. Likakanika ndiye kuti mphunzitsi sanakonzekere. Ndaziona m'masukulu ambiri."

Madamu anatsegula pakamwa, anayang'ana kumene kunali Adokotala, natsekanso. Woyendera anayamba kulemba.

Adokotala anatula mbale mu sinki. Anapukuta manja pa khoti. "Bwana, tabwerani kuno pang'ono."

"Ndikubwera, Adokotala, ndimalize kaye."

"Musanamalize."

M'kachipindamo anthu awiri ankachita kupanikizana. Adokotala anatenga tsamba lina loyeretsedwa limene anasungira padera, naliyala pa mbale. Anaikapo kachidutswa ka lata kaja, anaviika kabulashi m'sitachi, anapaka, anachotsa kachidutswako. Anadonthezera ayodini. Nyenyezi inatuluka, nsonga zisanu zakuthwa. Kenako anatsegula dirowa n'kuonetsa masamba asanu ndi limodzi aja.

"Awa ndinakonzera lero. Madamu anandiletsa chaka chatha. Sakudziwa kuti alipo."

Woyendera anavula magalasi, anawapukuta, anavalanso. Anaseka kamodzi, kuseka kopanda mawu.

"Langa lija?"

"Lanu lomwe."

"Mukutsimikiza? Mwina chaka chathu..."

"Zaka zonse."

"Ndinaliumitsa m'buku, Adokotala. Ndinakaonetsa mayi anga. Sayansi ndinaisankha tsiku limenelo." Anakhala pa mpando uja osapemphedwa. Anayang'ana khoma la pazenera. "Zaka khumi ndi chimodzi ndikuyendera masukulu. Mukudziwa aphunzitsi amene ndawalembera zoipa chifukwa cha tsamba limeneli?"

"Sindikudziwa."

"Nanenso sindikudziwa."

Panja ana ankathamangira ku kalasi ina, mvula ikuwaza pa malata. Adokotala anaona kuti mpopi ukudontha, naumanga. Woyendera anaimirira, anatuluka, anatenga fomu yake n'kuipinda pakati, naika m'chikwama. Kwa Madamu anangoti, "Mudzamva." Anapita osawatsanzika Adokotala.

Madzulo ake Ahedi anabwera nkhope ili gwa. "Akulu, ndinakupemphani kanthu kamodzi. Kamodzi kokha. Ndipo bwana uja mwamuuza chiyani kuti achoke osamwa ngakhale tiyi?"

"Ndamuonetsa mmene ndimachitira."

Ahedi anagwira pakamwa. "Mwaulula kwa woyendera? Ambuye wanga. Mbiri yonse ya sukulu ino!" Anatuluka akuyankhula okha, ndipo kuyambira tsiku limenelo alendo ankawadutsitsa pakhomo la labotale n'kupita nawo ku laibulale.

Masabata anapita, asanu, asanu ndi limodzi. Madamu ankaphunzitsa, koma anaonda, ndipo kawirikawiri ankapita ku ofesi kukafunsa ngati kwabwera makalata. Za tsiku lija sanakambirane ndi Adokotala. Nkhani inafika kwa aphunzitsi ena, ndipo ena anasiya kuwapatsa moni wa kale uja, ena ankawaseka kuti awajambulire nyenyezi pa malaya. Adokotala ankamva zonsezi ngati mmene munthu amamvera dzino lobayidwa mankhwala: akudziwa kuti likukhudzidwa, koma osapweteka.

Kalata inafika Lachiwiri lina masana. Madamu analowa nayo m'kachipinda akupuma mothamanga, naitambasula pa tebulo pakati pa machubu onyowa.

"Werengani, bambo."

Anapukuta manja, anaiwerenga kuyambira pa chidindo mpaka pa siginecha. Inali ya mizere inayi. Inkati Madamu akhazikitsidwa pa ntchito.

"Zili bwino," anatero, naibweza.

"Zili bwino basi? Bambo inu! Ndikudziwa zimene munachita. Sindikudziwa kuti ndikuthokozeni bwanji."

"Musandithokoze. Inu ndinu mmodzi. Alipo ena amene bwana uja anawabweza kwawo chifukwa cha ine. Sindikuwadziwa ngakhale nkhope."

Madamu anapinda kalata yake pang'onopang'ono, naigwira pachifuwa.

"Pitani mukaimbire mayi anu," anatero Adokotala. "Adikira nthawi yaitali."